Makoko a mombo

Mwezi wa Okutobala, kwathu kwa Nthache, makoko a mombo amathetheka dzuwa likafika pamutu. Khoko limauma, n'kupotoka, kenako n'kuphulika, njere n'kumwazikira patali. Tinakula tikumva zimenezo ndipo sitinkatembenuka n'komwe.

Chaka chimene nkhondo inakula ku Mozambiki, tinalandira mayi wina wothawa ku Zobue. Ankagona m'khitchini mwathu. Tsiku loyamba kupita naye ku nkhuni, khoko litaphulika anadzigwetsa pansi, manja kumutu. Ndinamudzutsa n'kumuonetsa njere. Sanaseke, koma anatola khokolo n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

Tsiku lina tinalowa m'tchire la kumalire, ine ndili ndi mwana kumbuyo. Makoko ankaphulika mbali zonse. Tikumanga mitolo, kunamveka phokoso lina kumunsi.

"Musaope amayi, ndi mombo," ndinatero.

"Iyayi mwananga. Mombo subwereza chonchija. Gonani."

Anandikokera m'khwawa louma. Mwana anayamba kudandaula, ndipo mayiyo anandimasula nsalu yekha n'kumuika kubere kwanga. Posakhalitsa tinamva mapazi pa masamba ouma. Kudzera m'udzu ndinaona amuna amfuti, ena opanda nsapato, akuyendetsa mbuzi. Ankalankhula chinenero chimene sindinkachimva.

Khoko linaphulika pamwamba pathu penipeni. Njere imodzi inandimenya pakhosi. Munthu wakumbuyo anaima, natembenuzira mfuti kumene tinali. Ndinamukanikiza mwana pachifuwa mpaka ndinaopa kuti ndamutseka mpweya. Ndinkaona chala cha munthuyo chili pokhethemulira mfuti. Khoko lina linaphulika chapatali. Iye anayang'ana m'mwamba, analavula, n'kutsatira anzake.

Tinakhalabe m'khwawamo mpaka mithunzi itatalika. Nkhuni tinazisiya.

Kunyumba ndinafotokozera amuna anga. Anatseka chitseko kaye.

"Mwauzapo wina?"

"Ayi."

"Musauze munthu. A tcheyamani a chipani akamva adzati mukufalitsa mabodza oti m'dziko muno mulibe mtendere. Adzafunsanso kuti mlendoyu anthuwo akuwadziwa bwanji."

M'mawa mwake, pachitsime, amayi anzanga anandifunsa chimene tinabwerera chimanjamanja. Ndinati mwana anatentha thupi. Mmodzi wa iwo anati iye apita komweko masana, nkhuni zamuthera. Ndinayang'ana ndowa yanga ikudzaza, ndipo ndinangoti, "Pitani cha kumtunda, kumunsi kuli njoka."