Ulendo Wautali wa a Mphepo

A Cornelius Mphepo anabwera ku Chulu kuchokera ku Phalombe ngati tenanti, koma zaka makumi awiri anazithera pansi pa pikiapu yakale ya pa esiteti, akuikonza. Galimotoyo inkasintha yokha magiya, koma posinthapo inkachita ngati bulu woponya mateche. Wokwera kumbuyo ankadziluma lilime.

Chaka chatha Vincent, mwana wa malemu bwana wa esitetiyo, mnyamata yemwe a Mphepo anamuphunzitsa okha kugwira chiwongolero, anawaitana. "Madala, galimotoyi isiye kudumpha. Pali ulendo wautali."

A Mphepo anakhetsa oyilo wonunkha chopserera, natsuka sefa. Kenako ankamasula pang'onopang'ono kebulo yopita ku giyabokosi, n'kumayesa pamsewu wa kumashedi a fodya, khutu lili tcheru. Tsiku lachitatu anaika kapu yamadzi pampando, ndipo silinatayike ngakhale dontho.

M'mawa mwake Vincent, osaphethira n'komwe, anati esiteti yagulitsidwa, matenanti apakire. Ulendo wautali uja unali umenewu.

A Mphepo anakhala kumbuyo kwa pikiapu ija pamtolo wa mphasa, akazi awo a Feggie atafumbata mapoto. Ankadikira kuti galimoto idumphe ngakhale kamodzi, iwakanireko. Mpaka ku Phalombe, sinadumphe.