Chipumi pa Mtsuko

Kusukulu yathu ku Lungwena kunali aphunzitsi ochokera ku Dedza amene ankatichititsa masewera olimbitsa thupi. Chipatala chawo chinali dzanja. Ukati ukudwala, ankakugwira pachipumi: pakatentha, kakhale pansi pa mtengo wa mango, pakazizira, thamanga. Tinaona msanga kuti bambowa dzuwa lathu sankalidziwa. Kuseri kwa kalasi kunali lata lakale, ndipo wofuna kudwala ankangokagunditsa chipumi palatapo n'kubwera atazyolika. Katswiri wa zimenezi anali mnzanga wina, mtsikana waulesi wosaneneka.

Chaka china kunamveka zoti asankha ana okachita masewera pachikondwerero cha ufulu ku Blantyre, pamaso pa mtsogoleri wa dziko. Mtsogoleriyo tinkamuimbira tsiku ndi tsiku, koma ine chinandisowetsa mtendere n'chakuti osankhidwawo akapatsidwa nsapato zoyera. Ndinali ndisanavalepo nsapato chibadwire.

Tsiku losankhalo ndinadzuka ndi malungo enieni, opanda lata. Mano ankangogundana.

"Lero sutuluka, wamva?" anatero amayi, n'kupita kukayanika usipa.

Ndinatsala pamphasa ndikukangana ndi thupi langa. Mawondo ankati gona, mtima unkati nsapato. Kenako ndinaona mtsuko wamadzi pakona. Ngati lata limadwalitsa, mtsuko ungalephere kuchiritsa? Ndinaukumbatira, chipumi chili phaa pamimba pake, mpaka chinazizira. Ndinanyamuka wa kusukulu nditatenganso kansanza konyowa, kuopa kuti matenda angabwerere panjira.

Aphunzitsi atandigwira anati, "Iwe ndiye uli bwino, kuzizira ngati nsomba. Lowa mumzere!"

Ndinathamanga, ndinalumpha, ndinazungulira, bwalo nalo likuzungulira kwake. Anandiloza, n'kundiika m'gulu la osankhidwa. Mtima unachita kuti myaa. Atati tiwerame tigwire zala zakuphazi, ndinawerama bwino kuposa onse. Kuweramuka ndiye kunakanika.

Ndinatsitsimuka ndili panjinga ya aphunzitsi, mchenga uli m'kamwa, tikulowera kuchipatala. Amayi ankathamanga pambali, manja akununkha usipa.

"Ungochira iwe, uona! Ndikukwapula mpaka malungo ako akumvere chisoni!" Ankatero akulira.

Malo anga anapatsa mnzanga waulesi uja, poti mzere unkafuna anthu a msinkhu umodzi ndipo iye ndi ine tinali ofanana. Zinandiwawa kwambiri, kuposa jakisoni. Aphunzitsi nawo anasiya kukhulupirira dzanja lawo. Kuyambira pamenepo chipumi chikazizira kwambiri ankachita mantha n'kukutumiza pamthunzi. Lata lija linapuma pantchito, odwala onse anasamukira kumjigo.

Mnzangayo atabwerako ku Blantyre anafika kwathu atakoleka nsapato m'khosi, mapazi ali matuza okhaokha. Nditangoziona ndinalira ndi nsanje, osabisa.

"Iwe, usalire," anatero. "Zimaluma zimenezi. Kwaya imodzi, tiyende nazo kumsika."

Anandipatsa yakumanzere. Ndinalowetsa phazi, koma zingwe zake zinandibalalitsa, ndinkangozipota ngati ukonde wosokonekera. Amayi anatuluka m'khitchini n'kuima, manja m'chiuno. Ndinakumbuka chikwapu chija.

"Ndiye imeneyi ndi imene unkafuna kufera?"

"Eya, amayi."

Anaiyang'ana nsapatoyo, anandiyang'ana ine. Kenako anagwada pamchenga n'kuyamba kulimbana ndi zingwezo. Nawonso sankadziwa kumanga kwake.