Madzi amene ndinapatsa alendo

Mlendo sapatsidwa madzi amatope. Amayi anandiphunzitsa ndili kamtsikana: chikho chitsukidwe, madzi achokere mumtsuko, upereke utagwada. Ndiye zimene ndinachita tsiku lija sindinganame kuti mwambo sindinkaudziwa.

Mlongo wanga, amene anakwatira kumudzi wa kumtunda kwathu, anagulitsa ng'ombe zake n'kugula bomba yopopera madzi. Anati fodya wamutopetsa, ayambe golide ngati anzake a ku Mualadzi. Ankakumba m'mbali mwa mtsinje, kutsuka dothilo, n'kuthiramo mankhwala onyezimira aja amati merikuriyo. Zotsala zonse zinkabwerera mumtsinje, ndipo mtsinjewo umadutsa pathu. Madzi anafiira ngati thobwa la mawere. Ukachapa chovala, bola mmene chinalili. Mwana wanga wamng'ono anayamba kudzikanda mpaka miyendo yonse zilonda.

Ndinapita kukamuuza. Anangoseka, amvekere, "Achemwali, matope anaphapo ndani? Dikirani ndipeze mwala wabwino, ndikugulirani malata." Ndinabwerako mtima ukuwira. Koma ndikanakamunenera kuti? Iyeyu ndiye malume wa ana anga. Mwamuna wanga atamwalira, ndi iye amene anandilimira munda mpaka kukolola, osapempha ngakhale chitsononkho. Chibale ndi fupa, sichiwola.

Tsiku lina masana kunafika anthu awiri a boma pa njinga yamoto, oyang'anira zachilengedwe aja timati mafisikale. Ankafunafuna okumba golide opanda chilolezo. Mudzi wonse unali utapangana kale kuti sitikudziwa kanthu, ndipo atandifunsa nanenso ndinayankha chomwecho. Akunyamuka, wamkuluyo anati, "Mayi, tithandizeniko madzi akumwa."

M'nyumba munali mtsuko wa madzi a pamjigo, amene ndinkakatunga kutali kusukulu n'kumasungira ana. Pakhonde panali ndowa ya madzi akumtsinje, otsukira mbale. Ndinaima pakhomo chikho chili m'manja. Mwana anali chikhalire pansi, akukanda. Ndinatunga m'ndowa, ndinagwada, n'kupereka ndi manja awiri mwaulemu wonse.

Bamboyo anayang'ana m'chikho, anayang'ana ine, kenako miyendo ya mwana. "Mumatunga kuti amenewa?" Ndinaloza kumtsinje ndi mlomo. Sanamwe. Anathokoza, ndipo njinga ija inatsata mtsinje chokwera.

Bomba ya mlongo wanga analanda tsiku lomwelo, n'kumulipiritsa chindapusa chimene sakanachikwanitsa. Ng'ombe analibe, fodya sanadzale. Anawolokera ku Zambia kukagwira maganyu, ndipo mpaka pano sanabwerere. Mvula itagwa mtsinje unayera, zilonda za mwana zinapola. Anthu amati boma linachita bwino, ndipo sindikana. Lamulo lija si loipa, mwana wanga ndiye mboni. Koma ine amene ndimatchuka ndi pakamwa, bwanji sindinabwerere kwa mlongo wanga kukamukalipira kachiwiri, kachitatu, mpaka amve? Ndinamugulitsa ndi chikho cha madzi, nditatseka pakamwa kuti ndidzathe kunena kuti sindinanene kanthu. Zimenezi zimandichititsa manyazi.

Mkazi wake anatsala ndi ana. Chaka chino chimanga chinamuthera msanga, ndiye anabwera kudzandipalirira kuti ndimupatse ufa. Ndinamukaniza khasu, iye anaumirira kuti sangadye chaulere. Poweruka anakhala pakhonde n'kupempha madzi. Ndinamutungira a mumtsuko, m'chikho chomwe chija.

Atamwa anati, "Alamu, alongo anu anatumiza mawu. Akuti amene anawaulula Mulungu yekha amuone. Koma inu akuti musataye mtima, malata aja adzagulabe."

Ndinalandira chikho. Ndinamudzazira ufa m'dengu mpaka kutayikira, iye n'kumati, "Basi alamu, basi, mwachulutsa." Sindinasiye kuthira.