Werzeg ndi Minga ya Kumanda

Werzeg anabadwa chaka chimene boma linathetsa ukapolo kachitatu. Mayi ake, a Mbeirika, anamva za lamuloli patapita zaka, ndipo anafunsa ngati likutanthauza kuti mbuzi zizidzikama zokha. Atauzidwa kuti ayi, anatenga chikho n'kulowa m'khola.

Iwo anali Aharatini, akuda amene makolo awo anali katundu wa Abidani, oyera khungu aja. Mwana wa mbuye wawo, Lemrabott, anabadwa mwezi umodzi ndi Werzeg, ndipo poti mayi ake analibe mkaka wokwanira, a Mbeirika ndiwo ankamuyamwitsa. Bere lamanja linali la Lemrabott, lamanzere la Werzeg. Kwathu kuno oyamwa bere limodzi ndi pachibale, ndipo mashehe saseka pankhani imeneyi. Komabe ubalewo sunavutitse munthu. Lemrabott anapita kusukulu, Werzeg anapita kumbuzi.

Chilala chitatha ziweto, onse anasamukira m'katauni kathu kano. Abidani anamanga nyumba za njerwa pafupi ndi msika, Aharatini anadzika zisakasa zamalata tsidya la khwawa. Palibe analamula zimenezi, aliyense anangodziwa pake. Werzeg anagula bulu, ngolo ndi migolo iwiri, nayamba kugulitsa madzi, ndipo ntchitoyi waigwira mpaka imvi. Nyumba zonse za m'tauni amazidziwa, koma amazidziwira kukhomo la kuseri.

Komiti ya Ubale wa Mitundu inabadwa chifukwa kulikulu la dziko, ku Nouakchott, anati tauni iliyonse ikhale nayo. Hakemu, yemwe ndi bwanamkubwa wa boma kuno, anauzidwa kuti mukhale anthu a khungu lililonse. Abidani anapezeka msanga. Mphunzitsi wa Chipulara ndi wamalonda wa Chisoninke, oimira mitundu ina ya akuda, anapezekanso. Chinavuta ndi Mharatini. Pankafunika wakuda moti n'kuoneka bwino pachithunzi, koma wosakonda kukweza mawu. Lemrabott, amene tsopano anali ndi sitolo ya mankhwala komanso mpando wa tcheyamani, anati, "Ndili naye mbale wanga."

Pamsonkhano woyamba mesenjala analowa ndi mbaula, tiyi, shuga ndi timatambula. Anamwaza maso m'chipindamo, n'kuziika zonse patsogolo pa Werzeg. Palibe anaonapo cholakwika, ngakhale Werzeg mwini wakeyo. Motero pamene anzake ankakambirana zothetsa tsankho, iye ankatsanula tiyi kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Onse anagwirizana kuti tiyi wa komitiyi amaposa wa komiti ya zaumoyo.

Chaka choyamba anapachika nsalu yolembedwa kuti tonse ndife amodzi, atatha miyezi akukangana ngati pamwamba pakhale Chiarabu kapena Chifalansa. Anakonzanso mpira wa mitundu yosakaniza, umene unatha woimbira akuthawira m'galimoto ya apolisi.

Tsiku lina, tiyi atazungulira kachitatu, Werzeg anatsokomola.

"A Hakemu, pepani. Nanga minga ija ya kumanda?"

Manda athu ndi amodzi, koma pakati pake pali mpanda wa minga. Kumtunda, pouma, kumagona Abidani. Kumunsi, kumene khwawa limakokolola mvula ikagwa, kumagona Aharatini.

"Amoyofe zikutikanika," anatero Werzeg. "Tiyambe ndi akufa. Iwo sayankha."

Hakemu anaikonda mfundoyi, makamaka poganizira kuti akufa sachita zionetsero. Akuluakulu a Chibidani sanaikonde. Nkhani inayenda kuchoka kuofesi kupita kumzikiti, kubwereranso kuofesi, mpaka anapezana pakati: mpanda ukhale, koma adulepo mpata woti jeneza yonyamulira maliro n'kudutsa, ndipo wofuna kugona kumtunda akagone. Akuluakulu aja anawonjeza kuti mpatawo ukapanda kugwira ntchito adzautseka, chifukwa mbuzi zizilowerapo. Hakemu anadula riboni. Madzulo ake Werzeg anagula nyama, ndipo mkazi wake Salka anati sanamuonepo akuyenda chomwecho, ngati mwini tauni. M'moyo wonse wa Werzeg chinali chinthu choyamba chimene ananena n'kuchitika.

Kenaka panafunika womwalira.

Aharatini ankamwalira monga mwa masiku onse, koma abale awo ankawanyamulira kumunsi, kuli makolo awo, kumene sungayang'anidwe ndi diso lofiira. Miyezi inapita. Pampata paja pankadutsa mbuzi zokha, ndipo akuluakulu aja ankaziwerenga.

A Mbeirika atagona pamphasa osadzukanso, komiti yonse inayamba kufunsa za umoyo wawo mwachikondi chachilendo. Hakemu anatumiza zipatso za tende ndi mkaka wa ngamila. Werzeg anamva chimene mkakawo unkanena. Anakhala pansi pambali pa mphasa, akusisita mapazi a mayi ake.

"Amayi, Mulungu akuwonjezereni masiku. Koma tsikulo likadzafika, ndikufuna mudzagone kumtunda."

"Kumtunda kuti?"

"Pafupi ndi a Mounina, mayi ake a Lemrabott. Pouma, pabwino."

Gogoyo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Iwe Werzeg, bulu wako uja wakugawira nzeru zake? Mayi amene uja ndinamuperera mapira, ndinamusambitsa, ndinamutikita miyendo mpaka kufa kwake. Ukandigoneka pambali pake, ndisanatembenuke n'komwe adzati, 'Mbeirika, madzi.' Ndipo ine ndimadzidziwa, ndidzadzuka."

"Akufa satumana, Amayi."

"Unafapo iwe? Ukandiike kumunsi, kuli amayi anga ndi ana anga awiri aja. Khwawa likafuna kundikokolola, lindikokolole ndi anzanga."

"Ndiye mpata uja autsekatu."

"Autseke. Wakuuza ndani kuti ndikufuna alendo?"

Anamwalira m'mawa wa Lachinayi. Kwathu maliro sagona, amaikidwa dzuwa lisanalowe, choncho nthawi yoganiza inali yochepa. Amayi oyandikana nawo akusambitsa thupi m'nyumba, Lemrabott anatulukira thukuta lili kamukamu, foni kudzanja. Hakemu anali atadziwitsa kale ku Nouakchott. Kumtunda anali atadzika hema, ataika mipando, ataitana wojambula.

"Mbale wanga, taganiza bwino," anatero Lemrabott. "Ndi mayi anganso awa, ndiyenera kunenapo."

"Eya, achimwene. Bere lamanja lija linali lanu, lalikulu lija. N'chifukwa chake munanenepa."

"Si nthawi ya nthabwala ino, iwe."

"Ndiye lowani mukawauze nokha, ali m'nyumbamo. Ine anandikana."

Lemrabott sanalowe. Anaima pakhomo akupukuta magalasi ake, kenaka anazimitsa foni.

Werzeg anatenga khasu n'kukaima kuseri kwa nyumba kanthawi. Palibe wina anamva zimene mayi ake ananena. Akanatha kuwanyamulira kumtunda, tauni yonse n'kumutama, mpata n'kukhala. Ndi iye mwini amene anauza komiti kuti akufa sayankha. Koma awa anali atayankhiratu. Anaika khasu paphewa n'kutsetserekera kumunsi.

Masana jeneza inafika padzenje. Imamu anakumbutsa kuti mkazi amatsitsidwa m'manda ndi amuna a m'banja lake okha, ana ake kapena alongo ake. Werzeg anatsikira m'dzenjemo, nayang'ana m'mwamba kufuna womuthandiza. Lemrabott anavula mkanjo wake wabuluu, naupatsira munthu amene anali pafupi, n'kutsika. Anali Mbidani woyamba kuonedwa m'dzenje la kumunsi. Awiriwo anagoneka mayi wawo chammbali, nkhope kuloza ku Maka. Potuluka Lemrabott anaterereka, ndipo Werzeg anamukankha kumbuyo monga amachitira ndi ngolo ikatitimira.

Wojambula uja sanajambule chilichonse, chifukwa anauzidwa kuti mwambo uli kumtunda. Hakemu anadikira pansi pa hema mpaka anamva mapemphero akutha tsidya la minga. Anaimirira, napepesa ndi maso mipando yopanda anthu, n'kukwera galimoto.

Mwezi wotsatira akuluakulu aja anatseka mpata, ponena za mbuzi. Komiti inaima mphindi imodzi kukumbukira a Mbeirika, kenaka inagwirizana kuti nkhani ya kumanda ibwere pamsonkhano wina. Werzeg anaikumbutsa pamsonkhano winawo, ndipo amaikumbutsabe. Hakemu watsopano amamutcha "bambo wa minga".

Madzi Werzeg akugulitsabe. Anamuuziratu Salka kuti iye akadzafa amupititse kumtunda, mpata ukhalepo kapena ayi, ngakhale atachita kumuponya pamwamba pa mpanda.

"Ukagone ndi anthu amene sunalowepo pakhomo lawo la kumaso?" anafunsa Salka.

"Pakufunika woyamba."

"Yamba wafa, tiona," anatero Salka, osasiya kupeta mapira.