Mizere pankhope ya alamu

Makuponi a feteleza atayamba kufika m'midzi ya kwathu, ine ndinali ndi kachipinda kojambulira zithunzi pa Kasungu Boma, kuseri kwa msika. Kamera ya filimu ndinali nditaisiya. Ndinagula ya dijito, pamodzi ndi kompyuta yakale, kwa munthu wina amene ankasamukira ku Lilongwe. Sikirini ya kompyutayo inali yopyapyala, yoti nkuinyamulira m'khwapa, ndipo ndinkanyada nayo chifukwa anzanga onse anali ndi zija zotupa kumbuyo. Ntchito yanga yambiri inali ya tizithunzi ta nkhope: ana a sukulu, ofuna ziphaso, a makalabu a alimi. Pa tizithunzi tating'ono totere sindinaonepo vuto.

Achemwali anga aakulu anakwatiwa kwa Chulu. Amuna awo, alamu anga, anali mlimi wa fodya, munthu wamtali, wakuda bii, wokhala ndi kachipsera pansi pa diso lakumanzere. Chaka chachiwiri cha makuponi chimanga chawo chinabereka kuposa kale lonse, ndiye ananditumizira uthenga kuti ndipite ndi kamera.

"Alamu, mundijambule ndili m'chimangamu," anatero titalowa m'munda. "Mawa ndikadzawauza anawa kuti chinandipitirira msinkhu, adzati ndikunama."

Anavala malaya awo a kutchalitchi ndi chipewa, nkuima chilili ngati msilikali. Dzuwa linali litapendeka, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Ndinawajambula kamodzi basi, poti anati zakwana. Kenako ndinajambula munda wokha ndi chigafa chawo cha fodya.

Ndinawalonjeza kuti chithunzicho ndibwera nacho sabata yotsatira. Nditafika pa Boma ndinachikopera mu kompyuta, nkufufuta za m'kamera kuti mulowe za makasitomala. Sabata inasanduka mwezi, mwezi unasanduka chaka. Tikakumana ankandiseka, amvekere, "Alamu, kodi chithunzi chija chikupsa pa moto wa mapesi?" Ine nkumati chikubwera. M'nyengo yozizira ya chaka chinacho anadwala masiku owerengeka, nkutisiya. Chithunzi chawo sanachione.

Nthawi yomanga chiliza itayandikira, achemwali anabwera kuchipinda kwanga kojambulira.

"Achimwene, chithunzi cha alamu anu chija chilipo?"

"Chilipo, achemwali."

"Mundikulitsireko, chachikulu ndithu, choika pakhoma. China chimene ndili nacho ndi ka pa chiphaso, nako kanafufuta."

Atachoka ndinachitsegula, nkuchikulitsa mpaka chinadzaza sikirini yonse. Kumwamba kuja, kumene ndinakuona ndi maso anga kuli kosalala, kunali mizeremizere. Mtundu wobiriwira wa thambo sunkasungunuka pang'onopang'ono kutsikira kumene kunali kowala, koma unkadumpha ngati masitepe. Pankhope ya alamu zinali chimodzimodzi. Pamphumi ndi m'masaya panali zigambazigamba, chilichonse ndi malire ake, ngati munthu wodzola mafuta osamaliza. Ndinaganiza kuti kamera ndi imene inawononga, kapena chithunzi chavunda chifukwa chokhalitsa m'kompyuta. Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti zotere zimachitika.

Ndinakhalira chithunzicho masiku awiri. M'pulogalamu yokonzera zithunzi munali kachida kosalazira, ndiye ndinkapaka paliponse pamene ndaona mzere. Ndikasalaza apa, mzere wina unkatulukira apo, ine nkuutsatira. Ndinapaka pamphumi, m'masaya, pachibwano. Kachipsera kaja kanali m'malire mwa chigamba china, nako kanapita. Nditatopa ndinadina posungira. Kompyuta inandifunsa ngati ndikufuna kuti chatsopanochi chilowe m'malo mwa chakale. Ndinavomera osaganiza kawiri. Chakalecho ndinkachiona ngati chowonongeka, ndiye ndichisungirenji?

Zithunzi zazikulu tinkakatsukitsa ku Lilongwe. Chitabwera m'envulopu, ndinachisolola nkukhala pansi. Chimanga chinaoneka bwino, tsamba lililonse. Malaya, mabatani, chipewa, zonse zinali m'malo. Koma nkhope inali ya chidole cha m'sitolo ya zovala, yosalala, yopanda khwinya, yopanda msinkhu. Kunali kutatsala masiku awiri kuti mwambo wa chiliza uchitike. Ndinachiika m'felemu nkukwera njinga.

Achemwali anachilandira ndi manja awiri, nkuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Malayawa ndi awo," anatero. "Chipewachinso ndi chawo." Kenako anandiyang'ana. "Koma achimwene, nkhopeyi mwaitenga kuti?"

Ndinawauza kuti kamera inalakwitsa tsiku lija, ndipo ndayesetsa kukonza mmene ndikanathera. Anathokoza, nkukachikoleka pabalaza.

Patapita miyezi ingapo, kunabwera bambo wina wogwira ntchito kuchipatala, wojambula ekisire, kudzajambulitsa kachithunzi ka pasipoti. Anali wochokera kumpoto, wolankhula modekha. Podikira anaona chithunzi cha ukwati chimene ndinkakonza, ine ndikulimbana ndi mizere ya pakhoma la kumbuyo kwa akwati.

"Mukufufuta chiyani pamenepo?" anandifunsa.

"Mizereyi. Kamera yangayi imatero."

Anawerama, nkuyang'ana kumbuyo kwa sikirini.

"Si kamera ayi, akulu. Ndi sikiriniyi. Kwanu mumalima fodya?"

Ndinati eya.

"Wodziwa kusankha fodya amasiyanitsa masamba ambirimbiri, kuchokera pa loyezuka kufika pa lodera. Wosadziwa amangounjika milu itatu, nkumati awa ndi amodzi. Sikirini yanuyi ndi wosankha wachiwiriyo. Ndi ya mabiti sikisi, ndiye pa mtundu uliwonse imadziwa masitepe 64 okha kuchoka pakuda kufika powala. Chithunzi chanu chili ndi masitepe 256. Amene siikuwadziwa imawaunjika pamodzi, inu nkumaona mzere. Ife kuntchito sikirini yotere sitingayerekeze kuigwiritsa ntchito, tikhoza kumuona munthu matenda amene alibe."

Ndinamufunsa ngati akutanthauza kuti m'chithunzi mwenimwenimo mulibe mizere.

"Mulibe. Mukanangochitsukitsa osachigwira, chikanatuluka bwinobwino."

Sindinafune kukhulupirira. Ndinakopera pa fulashi chithunzi cha munda wa alamu, chimene ndinajambula tsiku lomwe lija koma sindinachikonzepo, ndipo Loweruka ndinapita nacho kunyumba kwake. Anachitsegula pa kompyuta yake. Thambo linali losalala kuchokera pamwamba mpaka pa ngayaye za chimanga, popanda ndi mzere umodzi womwe. Anayesa kundithandiza kufufuza ngati chithunzi choyamba cha alamu chinatsalira penapake m'kompyuta yanga. Tinafufuza masana onse a tsiku lotsatira, titaweruka kutchalitchi, koma sitinapeze kanthu.

Zinanditengera nthawi kuti ndiwauze achemwali. Ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya, poti ulimi anaupitiriza okha. Ndinakhala pa chitsa nkufotokoza zonse: kuti kamera sinalakwe, kuti nkhope ya alamu inalimo yonse, kuti ndinaifufuta ndine ndi dzanja langa pothamangitsa mizere imene kunalibe. Za mabiti sindinatchule.

Sanasiye kusoka. Anamaliza ndawala ya masamba imene inali m'manja, nkuikoleka.

"Ndiye mukanangochisiya mmene chinalili, tikanawaona?"

"Tikanawaona, achemwali."

"Ngakhale chikanabwera ndi mizere yakeyo, ife tikanawazindikira," anatero, nkutola masamba ena. "Basi, zinachitika. Mwadya kumene mwachokako?"

Sanayambitsenso nkhaniyi mpaka lero. Ndinawapempha kuti ndichichotse pakhoma, ndiike cha munda chija m'malo mwake, koma anakana. Anati ana anachizolowera.

Sikirini ija ndinaisintha chaka chomwecho, ndipo kuyambira pamenepo sindikonza chithunzi cha munthu ndisanasunge china pambali. Ntchito yojambula ndinadzaisiya mafoni a kamera atachuluka. Kwa Chulu ndimapitabe kawiri kapena katatu pachaka. Pabalaza pali mipando inayi, ndipo ine ndimakhala pa umene uli pansi penipeni pa chithunzicho, kuti chikhale kumbuyo kwanga. Mwana womaliza wa achemwali, amene anali wa kumsana bambo ake pomwalira, tsopano ndi mayi wa ana awiri. Alendo akabwera amawalozera pakhoma nkunena kuti awo ndi bambo ake.