Jala ndi jula

Ndinakhala kapitawo wa gulu lothirira nzimbe ku esiteti ina ya ku Chikwawa kwa zaka zambiri, ndipo ndinkadzitenga ngati katswiri wa zilankhulo. Chimang'anja ndi cha kwathu kwa Kasisi, Chisena ndinayamwira kwa amayi. Koma Chitumbuka ndinangotola mawu awiri atatu pantchito, n'kumayenda nawo monyada ngati munthu wavala suti yobwereka.

M'gulu langa munali bambo wina wa kumpoto, wamkulu kwa ine, wosayankhulayankhula. Ankakhala m'nyumba ya kampani ndi mkazi wake ndi ana anayi. Ndinkakonda kumulankhula m'chilankhulo chake kuti anzathu aone kuti kapitawo wawo si munthu wamba.

Ntchito yathu inali yotsegula ndi kutseka mageti a ngalande. Munda ukatsala pang'ono kudulidwa tinkautsekera madzi kuti nthaka iume, thirakitala izitha kulowa. Tsiku lina ndinaona kuti geti la munda wotere likudontha, ndiye ndinafuna kuti bambo uja akalitseke bwinobwino. Ndinamuitana ndi mawu okweza, aliyense akumva.

"Adada, mukajule geti lira!"

Anandiyang'ana n'kuti, "Napulika," kutanthauza kuti wamva, basi n'kunyamuka.

M'mawa mwake mundawo unali dambo. Thirakitala inatitimira mpaka m'mimba, odula nzimbe ataima m'mbali ndi zikwanje zawo, akutitukwana m'zilankhulo zonse za m'Malawi. Manejala anafika thukuta lili kamukamu, n'kufunsa amene anatsegula madzi.

"Ndine, bwana," anatero bambo uja, osawonjezerapo kanthu.

Anauzidwa kuti pofika Lachisanu akhale atatuluka m'nyumba ya kampani. Ine ndinali pomwepo, nditakwiya naye kwambiri, ndikudabwa kuti munthu wamkulu chotere angachite bwanji zopusa.

Masana tikupuma pansi pa mtengo, mnzathu wina wa kwa Ndamera, wokonda nthabwala, anandifunsa m'Chisena koma osaseka.

"Imwe akapitawo, dzulo mwalonga tani?"

Ndinabwereza mawu anga, monyada ndithu. Iye anagwira kumutu. Anagwirapo ntchito ndi Atumbuka, ndiye anandiuza kuti kutseka amati kujala, ndipo kujula n'kutsegula. Ine ndi pakamwa pangapa ndinalamula kuti munda uthiridwe madzi.

Ndinapita kwa bambo wa kumpoto uja. "Nanga inu simunadziwe kuti munda uja ukudulidwa?"

"Ndinadziwa."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Ine wobwera, ndingatsutse akapitawo?"

Sankanama. Masiku amenewo wamkulu akalankhula, yankho linali limodzi: tamva. Pamsonkhano wachipani tinkatero, kutchalitchi tinkatero, kuntchito chimodzimodzi. Munthu wofunsa chifukwa ankaoneka ngati wafuna zina, makamaka akakhala wochokera kutali.

Kunena zoona ndinachita mantha, poti nanenso ndinali ndi ana m'nyumba ya kampani. Lachitatu lonse ndinangozungulira ofesi osalowa. Lachinayi ndinaona mkazi wa bambo uja akumanga miphika m'chitenje pakhonde, ndiye miyendo inangonditengera yokha kwa manejala. Ndinafotokoza za jala ndi jula. Anandikalipira mpaka mawu kusasa, n'kundipatsa kalata ya chenjezo, koma miphika ija inamasulidwa.

Kuyambira pamenepo ndinaika lamulo m'gulu langa loti mawu akuti "tamva" ndawaletsa. Ndikatuma munthu, azindibwezera zimene ndanena m'chilankhulo chake, akusonyeza ndi dzanja: m'mwamba kutsegula, pansi kutseka. Poyamba anthu ankangofa ndi phwete. Wa kwa Ndamera uja ankakuwa "funga!", kutseka m'Chisena, akumenya pansi ngati akupha njoka, ndipo anandipatsa dzina loti a Jula, lomwe linandikakamira mpaka ndinapuma ntchito. Magulu ena anatengera kachitidwe kathu, ndipo zaka zimenezo ndimazikumbuka ndi mtima wokondwa, ngakhale dzuwa la kuchigwa linkatiwotcha osatimvera chisoni.

Koma chinthu chimodzi chinkandisowetsabe mtendere. Ndinawauzanso kuti ndikalakwitsa azindiuza, koma miyezi inapita popanda wonditsutsa. Ankabweza mawu anga bwinobwino, dzanja m'mwamba, dzanja pansi, basi.

Tsiku lina m'nyengo yodula ndinasokoneza minda iwiri yoyandikana, n'kutuma bambo wa kumpoto uja kuti akatsegule madzi. Sanakweze dzanja. Anaima chilili, chipewa chili m'manja.

"Ayi, akapitawo," anatero. "Umenewo akudula mawa."

Chiyambire ntchito yanga, palibe munthu anandilankhulapo mawu okoma ngati amenewo.