Mmene Ndinasandukira Wantchito pa Nyumba Yanga

Ine moyo wanga wonse ndinali dalaivala, wonyamula mabwana a kampani ina yogulitsa mankhwala a mbewu. Mabwana akakhala kumpando wakumbuyo amaiwala kuti dalaivala ali ndi makutu, ndiye ndinkamva zambiri. Koma mawu amene anandilowa m'mafupa ndi a bwana wina wamimba yaikulu, yemwe ankakonda kuuza anzake pafoni kuti, "Nyumba sidwala, sipempha tchuthi, sinyanyala. Iwe uli m'tulo, iyo ikukugwirira ntchito." Ndinkagwedeza mutu kutsogoloko ngati akuuza ine.

Nyumba ndinamangadi, koma mwa kachitidwe ka tsokonombwe. Chaka chino njerwa, chaka chamawa malata, chinacho zitseko. Mwana wathu woyamba anaphunzira kuyenda atagwirira wilibala, ndipo pamene tinkapaka penti yomaliza n'kuti iyeyo ali ndi ndevu. Inali nyumba yooneka bwino: zipinda zitatu, bafa lam'kati, khonde lotakata loyang'ana kumsewu. Pakhondepo ndi pamene ndinkadziona ndili nkhalamba, nditapinda mwendo, nyuzipepala ili m'manja.

Nditapuma pantchito, penshoni inabwera. Ndinaiyang'ana, nayonso inandiyang'ana. Madzulo ake ndinauza mayi a kunyumba, omwe ndi telala, kuti tisamukire ku kanyumba ka kuseri komwe tinkasungirako simenti yotsala ndi njinga yakufa, nyumba yaikuluyo tiike alendi.

Anaimitsa makina osokera.

"Bambo a ana, ndiye kuti tamanga nyumba zaka zonsezi kuti tiziiona kumsana?"

"Mayi, simukumvetsa za bizinesi. Ife tili m'tulo, iyo izitigwirira ntchito."

"Chabwino," anatero, n'kupondanso makina. Chabwino wa mayi a kunyumba ndimamudziwa. Amakhala ngati mtambo wakuda womwe sunaganize tsiku logwetsa mvula.

Anzanga anandichenjeza za alendi osalipira, othawa mbandakucha ndi mababu omwe. Ine mwayi wanga unali wina. Ndinapeza mnyamata wa kubanki ndi mkazi wake, anthu aulemu, olipira mwezi usanathe. Vuto lake, munthu wolipira bwino amadziwanso bwino zomwe walipirira. Foni yanga, yomwe kale inkangolira pakagwa maliro, inayamba kulira ngati ya kuchipatala. Mpopi wa kubafa ukudontha. Chitseko cha kuchipinda chikukhula pansi. Sinki yatseka. Soketi ikununkha kupsa.

Poyamba ndinkaitana amisiri. Pulambala wina atabwera kachitatu n'kuyamba kufunsa za umoyo wa adzukulu anga n'kumatchula mayina awo osalakwitsa, ndinazindikira kuti nyumba yanga ikugwiradi ntchito, koma ikugwirira iyeyo. Ndinagula sipanala, ndinafukula ovololo yanga yakale ya kugalaja, ndinakhala mmisiri wa chilichonse. Kusesa pabwalo ine, kudula maluwa ine, kutsegulira galimoto geti ine, poti kanyumba kathu kanali pafupi ndipo hutala imandipweteka mutu.

Kenaka kunabwera amayi ake a mnyamata wa kubanki uja, kudzakhala nawo pamene ankalandira chithandizo cha miyendo. Tsiku lomwe anafika, ine n'kuti ndili chogwada kuseri kwa khitchini, mkono wonse uli mu paipi ya madzi oipa. Ndinamva ndodo ikugogoda pansi kumbuyo kwanga.

"Inu a panja, mukatha apo mukanditsitsire katundu m'galimoto. Musambe kaye m'manja."

Apa ndi pamene ndikanayankha kuti, pepani mayi, ine ndine mwini nyumba. Koma tayesani kunena mawu amenewo muli ndi zotsalira za mbale za eni ake mpaka m'chigongono. Ndinangoti, "Chabwino, mayi," n'kukanyamula masutikesi.

Mawa lake zinali zovuta kukonza, mkuja wake zosatheka. Mwana wawo atamva akundiitana "a panja", anabwera kuseri akupukuta thukuta.

"Bambo, pepani kwambiri. Ndiwauze?"

"Akhala nthawi yaitali?"

"Ayi, masabata ochepa chabe."

"Asiyeni, angachite manyazi," ndinatero, ngati wamanyazi sindinali ine.

Anakhala mpaka mvula inagwa.

Kunena zoona, mayi aja anandikonda. Ankakhala pakhonde langa lija, pamalo penipeni pomwe ndinkadzilotera, n'kumandilozera ndi ndodo pomwe tsache laphonya. Ankandisungira tiyi m'kapu yapulasitiki. Anandipatsa malaya awiri a malemu amuna awo, ndipo amodzi anandikhala bwino kwabasi. Koma nkhani yomwe ankaikonda kwambiri inali ya mwini nyumba.

"Kodi bwana wanuyu ndi munthu wotani? Chibwerere changa sanapondepo pano."

"Amatanganidwa, mayi."

"Kutanganidwa n'kuwerenga ndalama za mwana wanga! Taonani matailosi awa, mizere yake ngati njira ya woledzera. Munthu waumbombo amaoneka ndi nyumba yake. Amakulipirani bwino koma?"

"Movutikira, mayi."

"Ndinadziwa! Munthu wamkulu ngati inu, imvi mbuu, kumakukwezani padenga. Alibe chisoni. Adzafa imfa yowawa ameneyo."

"Asatero, mayi, ali ndi ana."

Mayi a kunyumba ankamva zonsezi pawindo la kanyumba kathu. Ndikalowa ankandifunsa osatukula mutu pa nsalu, "A panja, mwaweruka? Bwana wanu wakukwezerani malipiro?"

Mvula itayamba, denga linayamba kudontha, ndipo pa zipinda zonse linasankha cha mayi aja, pamwamba penipeni pa bedi. Ndinakwera ndi phula, ndinamata. Linadontha pena. Ndinamatanso. Kalipentala wina anandiuza kuti malata a mbali imeneyo atha, pafunika atsopano. Ndinamuthokoza n'kukagula phula wina. Amati mutu umodzi susenza denga, koma ine ndinkati ndiyesa ndi wanga.

Loweruka lina masana kunagwa chimvula champhepo. Ndili kuseri ndinangomva chiphokoso, kenaka kukuwa. Ndinathamanga. Siling'i yonse ya chipinda chija inali itagwera pabedi, madzi akuda, fumbi, ndi chisa cha makoswe chomwe eni ake anali akubalalika pansi. Mwamwayi mayi aja anali atapita kubafa. Anaima pakhomo, ndodo ili m'manja. Ine ndinangoyang'ana pomwe mutu wawo ukanakhala.

"Lero lomwe lino," anauza mwana wawo, "mwini nyumba abwere pano. Apo ayi ndikamutenga ndekha ndi apolisi. Inu a panja, mukudziwa kwawo. Pitani!"

Mnyamata wa kubanki anayang'ana mkazi wake, mkazi wake anayang'ana makoswe. Ine ndinati, "Ndapita, mayi."

Ndinalowa m'kanyumba kathu, ndinasamba, ndinatulutsa suti yomwe ndinavala pa ukwati wa mwana wathu. Mayi a kunyumba anandimangira tayi mwakachetechete, anaikoka pang'ono kuposa muyeso, kenaka anavala nsapato.

"Inunso mukupita?"

"Izi zokha sindingamve kwa anthu."

Tinatulukira kakhomo ka kumbuyo, tinazungulira mpanda m'matope, n'kukagogoda pageti la nyumba yathu yomwe. Pabalaza mayi aja anali atakhala pampando waukulu, ndodo ili pamiyendo. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"Suti mwaitenga kuti? Nanga bwana wanu ali kuti?"

"Ndi ineyo, mayi."

"Ndinu ndani?"

"Mwini nyumba."

Ndinkayembekeza kuti achita manyazi, apepese, mwina ndi kulira komwe, ndipo ndinali nditakonzeratu mawu owakhululukira, mawu okoma ndithu. Iwo anatembenukira kwa mayi a kunyumba.

"Amuna anu awa?"

"Ndi anga, mayi. Ndinawapeza ali choncho."

"Pepani, mwana wanga." Kenaka anabwerera kwa ine. "Ndiye inu mumamwa tiyi wanga, n'kumandivomereza kuti mwini nyumba ndi waumbombo?"

"Ndinkaona kuti pena mukunena zoona, mayi."

"Pena? Khalani pansi."

Anandilalatira mpaka mvula inakata. Zomwe ankauza wa panja mwachifundo, tsopano anauza mwini wake mwachindunji, kuyambira matailosi mpaka makoswe, osadumpha kanthu. Anati ngati wantchito ndinali wakhama, koma ngati mwini nyumba ndinali wosathandiza, ndipo zikanatheka akanachotsa mwini nyumbayo n'kusiya wantchitoyo. Mwana wawo ankangoti, "Amayi, basi," koma mapewa ake ankagwedezeka ndi kuseka.

Malata ndinasintha mbali yonse, ndi siling'i yomwe. Zinadya lendi ya miyezi ingapo pamodzi ndi kagalimoto kanga kakale komwe ndinkati ndidzakakonza. Nthawi ino ndinaitana kalipentala weniweni, ine ntchito yanga inali yomupatsira misomali. Masiku amene ntchito inkachitika, mayi aja anakana kukagona kwa achibale. Anagona m'kanyumba kathu, pabedi pathu, pamodzi ndi mayi a kunyumba. Ine ndinayala mphasa pafupi ndi makina osokera, n'kumamva awiriwo akuseka kuseri kwa katani. Sindinafunse kuti akuseka ndani.

Miyendo itachira anabwerera kwawo, ndipo chaka chotsatira mnyamata wa kubanki anamaliza nyumba yake n'kusamuka. Anasiya makoma oyera, makiyi onse ali pamodzi. Mpaka lero ndimamutchula m'mapemphero, makamaka ndikaona amene anabwera pambuyo pake: wina ankaweta nkhuku m'bafa, wina anali ndi gulu loimba lomwe linkayeserera nyimbo imodzimodzi chaka chathunthu osaigwira.

Masiku ano za nyumbayo amayendetsa ndi mayi a kunyumba. Iwo ndiwo amafunsa ofuna kulowa, ndiwo amasunga padera ndalama ya zokonzakonza, yomwe ine sindiloledwa ngakhale kuinunkhiza. Anandiuza kuti ndili ndi mtima wabwino ndi mutu wabwino, koma ziwirizi sizigwira ntchito tsiku limodzi. Tikadali kuseri. Mwana wathu wamkulu akuti tigulitse zonse tikakhale kwa iye, koma ine ndakana. Ndamva kuti poloti ya pafupi ndi msika akuigulitsa motchipa, ndipo ndawerengera kuti pangakwane tizipinda tinayi. Mayi a kunyumba sindinawauzebe. Ndikudikira tsiku lomwe adzakhale atasoka diresi la ukwati n'kulipidwa bwino.